Zenera lisatsekedwe lonse, ngakhale kuzizire

Mu Juni ndi Julayi, kaya ku Dedza kaya ku Mzuzu, ambirife timatseka mazenera onse n'kulowetsa mbaula kuchipinda. Ine ndikuti apa timalakwitsa.

Munaonapo timadontho pagalasi la zenera m'mamawa? Ndi chinyezi chochokera mu mpweya umene timapuma komanso m'zovala zoyanika m'nyumba. Mpweya wofunda umasunga chinyezi chambiri, koma ukakhudza galasi lozizira, chinyezicho chimasanduka madzi. Mapeto ake makoma amachita chuku.

Choopsa kwambiri ndi makala. Akamayaka m'chipinda chotsekeka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo.

Ndiye usikuuno mbaula igone panja, zenera mulisiye lotsegula pang'ono, muwonjezere bulangete. Bola kuzizidwa kusiyana n'kusadzuka.