Atambwali Awiri pa Dashibodi

Pamene tinali kubwerera ku sukulu teremu ino, ine ndinakhala pa mpando wa kutsogolo m'minibasi. Dalaivala anagwira ciwongolero ndi dzanja limodzi, dzanja lina liri pa foni, ndipo pa mlatho wina tinatsala pang'ono kugunda munthu wa pa njinga. Kuyambira tsiku lomwelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi anzeru a kunja sanapange cida coletsa zotere?

Anacipanga kale, anzanga. M'caka ca 2014 kampani ya Apple inaonetsa CarPlay, ndipo caka comweco Google inalengeza za Android Auto. Nchito yace ndi iyi: munthu alumikiza foni yace ku galimoto, ndipo mapu, nyimbo ndi maina a omuimbira zioneka pa galasi la pa dashibodi. Akafuna kuyankha, angolankhula, manja onse awiri ali pa ciwongolero. Galimoto loyamba kukhala ndi CarPlay linali Ferrari, la anthu olemera okhaokha. Hyundai Sonata inalandira Android Auto mu 2015. Koma Toyota, amene magalimoto ace adzaza miseu yathu, anazengereza kufikira 2018 kuti alole CarPlay, ndipo za Android Auto anabvomera mu 2019.

Nkhani inabwerezanso. Mu June 2022 Apple inaonetsa CarPlay yatsopano, yotenga dashibodi yonse, ngakhale muyeso wa liwiro ndi wa mafuta. Inalonjeza kuti magalimoto oyamba afika mu 2024. Caka cinatha, zii! Inaturuka mu May 2025, ndi dzina lakuti CarPlay Ultra, m'magalimoto a Aston Martin, amenenso ali a olemera.

Opanga magalimoto ali ndi cowiringula cimene sindicinyoza. Foni yatsopano ituruka caka ciri conse, koma galimoto latsopano litenga zaka zingapo kulikonza, ndipo foni ikazizira munthu angoizimitsa, pamene muyeso wa liwiro ukazizira pa mseu ndi maliro. Apa ndigwirizana nawo: zoonetsa liwiro ndi mabuleki asazipereke mofulumira.

Koma mapu ndi kuyankha foni zinalibe coopsa cotero, nanga zaka zinai anali kudikira ciani? Ine ndiganiza kuti gwero lace ndi umwini. Amene alamulira galasi lija adziwa kumene woyendetsa apita, zimene amvera ndi kumene aima, ndipo angamgulitse zinthu mwezi ndi mwezi. Apple ndi Google afuna galasilo, opanga magalimoto alifunanso. Makolo anati atambwali sametana, aopa kucekana. Taonani General Motors ya ku America: mu 2023 inanena poyera kuti magalimoto ace atsopano a magetsi sadzakhala ndi CarPlay kapena Android Auto, kuti anthu agwiritse nchito za kampaniyo. Kumeneko si kulephera kwa amisiri ai, ndi kukaniza dala.

Wina anganene kuti izi ndi za Azungu, ife ana a sukulu amene tiribe ngakhale njinga zitikhudza bwanji? Zitikhudza ndithu. Magalimoto ambiri a kuno afika kucokera ku Japan atayenda kale zaka zambiri. Cimene Toyota anacedwa naco zaka zinai, kwa ife cicedwa zaka zinaizo kuonjezapo zaka zonse zimene galimoto likhala ku Japan lisanakwere sitima. Likafika, galasi lace lilemba Cijapani cokhacokha, ndipo wailesi yace kawirikawiri ilekezera pa 90, kotero kuti nyumba zina zoulutsa mau sizimveka pokhapokha mwini agule kacida koonjezera.

Cotero dalaivala wathu uja alipitirirabe ndi foni m'manja, ndipo teremu ikatha ine ndidzakwera minibasi yace kapena ya mnzace wocita cimodzimodzi. Ulendo uno ndidzakhala kumbuyo.