Moto wa kwa Aluya usadzayake ku Naisi

Wailesi ikangolengeza za mabomba ku Gaza kapena ku Lebanon, anthu ambiri amathamangira kunena kuti imeneyo ndi nkhondo ya zipembedzo. Maganizo amenewa ndi operewera, ndiponso ndi oopsa kwa anthu a ku Naisi ndi chigwa chonse cha Domasi, komwe Msilamu ndi Mkhristu amatunga pa mjigo umodzi komanso kukhuzana pa maliro.

Chipembedzo chilimo ndithu, makamaka pa nkhani ya mzinda wa Yerusalemu, koma gwero lenileni ndi malo ndi ulamuliro. M'chaka cha 1916 maiko a Britain ndi France, kudzera mwa Mark Sykes ndi François Georges-Picot, adagwirizana mwamseri zogawana madera a Aluya omwe ankalamulidwa ndi ufumu wa Ottoman. Mu 1917 nduna ya Britain, Arthur Balfour, idalonjeza Ayuda malo ku Palestine, chonsecho Aluya adali atalonjezedwa kale ufulu wodzilamulira. Pa nkhondo yomwe idadza ndi kubadwa kwa dziko la Israel mu 1948, anthu a ku Palestine pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Zidzukulu zawo zikulirabe malowo mpaka lero.

Chigwa cha Domasi nacho chili ndi mbiri yake yowawa. Amishoni a ku Scotland adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884 m'dera la mfumu Malemia, malonda a akapolo ali mkati. Mu 1895 mfumu Kawinga ya ku Chikala idathira nkhondo Malemia, koma asilikali a atsamunda adaigonjetsa. Chaka chomwecho Jalasi adagonja, ndipo Mlozi adanyongedwa ku Karonga. Nkhondo zonsezi zidali zolimbirana akapolo, minyanga ndi mphamvu.

Bala lomwe silidapole lidabwera pambuyo pake. Ayao ambiri adalowa Chisilamu, pomwe sukulu pafupifupi zonse zidali m'manja mwa mipingo. Makolo achisilamu, poopa kuti ana awo akabatizidwa, adawasunga ku madarasa. Mapeto ake ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zidapita kwa Akhristu, ndipo maboma ngati Mangochi ndi Machinga adatsalira pa maphunziro. Mbali ina imakumbukira akapolo, inzake imakumbukira kutsekeredwa kunja kwa kalasi.

Moto umapita komwe kwatsala tchire. Chisankho cha 1999 chitatha, mizikiti ina idatenthedwa m'chigawo cha kumpoto chifukwa wopambana, Bakili Muluzi, ndi Msilamu. Mu June 2003, anthu asanu ochokera kunja atagwidwa ku Blantyre ndi kutulutsidwa m'dziko muno powaganizira kuti ndi a Al-Qaeda, matchalitchi ena adaphwanyidwa ku Mangochi. Mkhristu wa ku Mangochi adalakwanji pa nkhani ya America? Mu 2019 mkangano wa hijabu udabuka pa sukulu za M'manga ku Balaka, ndipo ana ndiwo adaluza masiku a maphunziro.

Nkhani ya hijabu idaonetsanso njira yabwino. Mu 2021, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, atsogoleri achisilamu ndi achikhristu adasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Palibe adasiya chikhulupiriro chake. Adangokhala pansi n'kukambirana dandaulo lenileni.

Nkhondo ya kutaliyo yayandikira. Kuyambira mu 2023 achinyamata a dziko lino akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu 2024 boma lidatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Ena akondwa nazo, ena zawapweteka mtima. Aliyense ali ndi ufulu wolirira mbali yomwe akufuna, koma mkwiyowo usagwere mnansi.

Mashehe, abusa ndi mafumu a kwa Malemia asalole ulaliki wosandutsa Gaza ndodo yokwapulira a chipembedzo china. Aphunzitsi otuluka pa koleji ya Domasi aziphunzitsa mbiri yonse, ya akapolo ndi ya sukulu za mishoni yomwe. Boma nalo liwonjezere makalasi ndi aphunzitsi m'madera omwe adatsalira, chifukwa tchire louma lili kumeneko.