DIRESI LA MWANA WA MFUMU LAUTSA MAPIRI PACIGWA KU ULAYA NDI KU AMERICA

Ku maiko a azungu kuli mkangano umene wakhala ukubuka kawirikawiri kuyambira m'caka ca 2017, ndipo gwero lake ndi funso looneka ngati lacibwana: kodi mwana wamwamuna aloledwe kubvekedwa diresi ndi cisoti cacifumu, monga momwe amabvekera ana aakazi, m'malo a masewera a kampani ya Disney? Makolo agawikana pa funso limeneli, manyuzipepala alembapo zambiri, ndipo a ndale nawo alowererapo. Koma amene angalondole nkhaniyi kucokera kumayambiriro adzaona kuti malire amene anthu ali kulimbirana anaikidwa ndi wamalonda, ndipo wamalonda yemweyo ndiye ali kuwasuntha tsopano.

Malo a masewera amenewa ndi aakulu monga tauni. Oyamba, ochedwa Disneyland, anatsegulidwa mu 1955 ku California m'dziko la America. A Walt Disney World anatsegulidwa ku Florida mu 1971. Ndipo a kufupi ndi mzinda wa Paris ku France anatsegulidwa mu 1992. Munthu amalipira pa cipata, ndipo mkatimo amapeza nyumba zacifumu zomangidwa motsanzira za m'nthano, timasitima tokwera ana, ndi anchito obvala ngati anthu ndi nyama za m'mafilimu a kampaniyo.

Mu 2006 kampani ya Disney inatsegula ku Florida sitolo yochedwa Bibbidi Bobbidi Boutique. Dzinali linatengedwa ku mau amatsenga a mayi wina wa m'filimu ya Cinderella ya mu 1950, amene anasandutsa nsanza za mtsikana wamasiye kukhala diresi la ku nyumba ya mfumu. M'sitoloyi mwana wa zaka 3 kufikira 12 amakhazikidwa pa mpando, nampesa tsitsi, nampaka zodzoladzola kumaso ndi utoto m'zikhadabo, ndipo makolo akalipira zambiri amambveka diresi ndi cisoti, nacoka ali ngati mwana wamkazi wa mfumu wa m'nthano. Kwa anyamata kunakonzedwa zao zapadera: kupaka mafuta olimbitsa tsitsi ndi kupatsidwa lupanga ndi cishango coseweretsa, kuti aoneke ngati asilikali a mfumu.

ZIMENE ZINACITIKA KU PARIS

Mu August 2017 mayi wina wa ku England anafuna kulembetsa mwana wake wamwamuna wa zaka 3 ku mwambo wonga womwewu ku Disneyland Paris, monga mphatso ya Khirisimasi. Mwanayo anali kukonda kwambiri Elsa, mfumukazi ya m'filimu ya Frozen ya mu 2013, ndipo kunyumba anali kusewera atabvala diresi la Elsayo. Yankho linabwera lakuti mnyamata sangalembetsedwe. Mayiyo analemba kalata yodandaula naiika poyera, ndipo m'masiku owerengeka nkhani inali itafika m'manyuzipepala a maiko ambiri.

Akuluakulu a Disneyland Paris anapepesa msanga. Iwo anati wanchito amene anayankha kalatayo analakwitsa, pakuti mwambowo ndi wa mwana aliyense wa zaka 3 kufikira 12, kaya wamkazi kaya wamwamuna. Kucokera pamenepo zinadziwika kwa onse kuti khomo liri lotseguka, ndipo mbali ziwiri zinaonekera: ena anayamikira kampaniyo kuti yaleka tsankho, pamene ena anati yayamba kusokoneza ana.

KUMENE MALIRE ANACOKERA

Nthano za Snow White ndi Cinderella ndi zakale, koma malonda a zobvala za ana aakazi a mafumu ndi a posacedwa. M'caka ca 2000 Bambo Andy Mooney, amene anali atangocoka ku kampani ya nsapato ya Nike kudzayang'anira malonda a katundu wa Disney, anapita kukaonerera masewera a Disney mu mzinda wa Phoenix. Kumeneko anaona atsikana ambirimbiri atabvala madiresi acifumu osokedwa kunyumba ndi amayi ao. Maso a wamalonda anaona ndalama imene inali kupita padera. Posapita nthawi kampaniyo inasonkhanitsa atsikana a m'nthano zosiyanasiyana pansi pa dzina limodzi la Disney Princess, niyamba kugulitsa madiresi, zidole, nsapato, zofunda ndi zikwama, zambiri mwa izo za mtundu wa pinki.

Phindu linali lodabwitsa. Malonda amenewa anali madola 300 miliyoni mu 2001, ndipo pofika 2006 anali atakwera kufika madola 3 biliyoni pa caka. Sitolo ya Bibbidi Bobbidi Boutique inabadwa m'caka comweco ca 2006, monga nthambi ya mtengo womwewo.

Mitengo yake ndiyo imaulula zambiri. Mu 2019 kukongoletsa mwana pamodzi ndi diresi kunali kuyambira pafupifupi madola 200, pamene za msilikali wa lupanga ndi cishango zinali kuyambira pafupifupi madola 20. M'caka cimeneco madola 200 anali ofanana ndi mtengo wa matumba a cimanga oposa 20 pa mtengo umene bungwe la Food Reserve Agency linali kugulira kwa alimi a muno m'Zambia, ndipo apo ndalama ya pa cipata, yoposa madola 100 pa munthu wamkulu mmodzi pa tsiku, isanawerengedwe. Motero mnyamata amene asankha diresi m'malo mwa lupanga amabweretsa ndalama zoculuka kakhumi. Palibe wamalonda amene angabweze wogula wotere pakhomo kawiri.

ZOBVALA ZIMASINTHA NDI NYENGO

Ambiri mwa okangana amalankhula ngati kuti diresi lakhala la atsikana okha kuyambira kale lomwe. Mbiri ya azungu eni ake imanena zosiyana. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ana aamuna a ku Ulaya ndi ku America anali kubvala madiresi kufikira atakwanitsa zaka 6 kapena 7, pamene anali kupatsidwa kabudula woyamba. Cifukwa cake cinali ca nzeru za amayi: diresi loyera la thonje linali losabvuta kucapa, ndiponso losabvuta posintha matewera. Pali cithunzi ca mu 1884 ca Franklin Roosevelt, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa America kuyambira 1933 kufikira 1945, ali ndi zaka 2, atabvala siketi yoyera, tsitsi lofika m'mapewa ndi cipewa ca nthenga m'manja.

Ngakhale za mitundu ya nsalu sizinali monga ziri lero. Mu 1918 magazini ina ya ogulitsa zobvala za ana ku America inalangiza kuti pinki ndi woyenera anyamata popeza ndi mtundu wamphamvu, ndipo buluu ndi woyenera atsikana. Mayi Jo Paoletti, katswiri wa mbiri ya zobvala wa pa yunivesite ya Maryland, anasonyeza m'buku lao la mu 2012 kuti kugawa ana ndi mitundu iwiri imeneyi kunakhazikika pang'onopang'ono, ndipo masitolo anathandizira kwambiri, pakuti kholo limene silingabveke mwana wamwamuna zobvala zosiyidwa ndi mlongo wake liyenera kugula kawiri. Ku Scotland mpaka lero mwamuna amapita ku ukwati atabvala nsalu yonga siketi, ndipo palibe amamseka.

A NDALE ALOWA M'BWALO

Sitolo za Bibbidi Bobbidi Boutique zinatsekedwa mu March 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19. Pamene zinatsegulidwanso mu August 2022, kampaniyo inali itasintha dzina la anchito okongoletsa ana. Dzina lakale linali kusonyeza kuti ndi akazi okha, pamene latsopano limalola kuti amuna nawo agwire nchitoyo. Caka capambuyo pake, mu May 2023, kanema wamfupi wojambulidwa ku Disneyland ya ku California anaonetsa wanchito wa ndebvu za pamlomo, atabvala diresi la anchito a m'sitoloyo, ali kulandira kamtsikana pakhomo. Anthu mamiliyoni anaonera kanemayo, ndipo moto unayakanso.

Nthawi imeneyo kampani ya Disney inali kale pa nkhondo ndi boma la cigawo ca Florida. Mu March 2022 Gavanala wa cigawoco, Bambo Ron DeSantis, anasaina lamulo loletsa aphunzitsi kuphunzitsa ana aang'ono, kufikira a Giredi 3, nkhani za amuna kapena akazi okondana okhaokha ndi za anthu osintha kucoka ku cimuna kupita ku cikazi kapena ku cikazi kupita ku cimuna. Mkulu wa Disney wa nthawiyo, Bambo Bob Chapek, poyamba anakhala cete. Koma anchito ake atam'panikiza, anatsutsa lamulolo poyera.

Kubwezera kwake sikunacedwe. Kuyambira 1967 kampaniyo inali ndi mphamvu zodzilamulira pa malo ake a ku Florida, pafupifupi mahekitala 10,000, kumene inali kuyang'anira yokha miseu, madzi ndi ozimitsa moto kupyolera m'bungwe lochedwa Reedy Creek. Mu February 2023 boma la Florida linalanda bungwelo, nilipatsa dzina lina, ndipo Gavanala anapatsidwa mphamvu zosankha mamembala ake onse 5. Disney inakasuma ku khoti mu April 2023, koma woweruza anataya mlanduwo mu January 2024, ndipo mu March 2024 mbali ziwirizi zinagwirizana zoleka kukangana. Bambo Chapek anali atacotsedwa kale pa nchito mu November 2022. Mkangano umene unayamba m'dzina la ana unathera pa kukambirana za malo, misonkho ndi zomangamanga.

MAU A MBALI ZONSE ZIWIRI

Makolo amene ali ndi nkhawa sali opanda mfundo. Iwo amati m'mera mpoyamba, ndipo kuphunzitsa mwana za cimuna ndi cikazi ndi udindo wa banja, mtundu ndi cipembedzo, osati wa kampani imene colinga cake ndi phindu. Amaopa kuti kampani yokhala ndi mafilimu, nyimbo ndi masitolo m'maiko ambiri iri ndi mau aakulu koposa a kholo limodzi.

A mbali inayo amati mwana wa zaka 3 amatsanzira ciriconse cimene camkondweretsa: lero ndi dalaivala, mawa ndi mkango, mkuja ndi mayi wobereka cidole kumbuyo. Amakumbutsanso kuti palibe mwana amene amalowa m'sitoloyo yekha, pakuti lamulo la kampani limafuna kuti abwere ndi munthu wamkulu, ndipo wamkuluyo ndiye amalembetsa ndi kulipira. Cotero kholo limene silifuna silikakamizidwa, ndipo limene lifuna siliyenera kubwezedwa.

Ofufuza nawo ayesa kuyeza nkhaniyi. Mu 2016 Mayi Sarah Coyne ndi anzao a pa yunivesite ya Brigham Young ku America anafalitsa zimene anapeza pa ana aang'ono 198. Mwa atsikana 100 alionse, 61 anali kuseweretsa zidole za ana aakazi a mafumu sabata iriyonse, pamene mwa anyamata 100 anali 4 okha. Izi zisonyeza kuti anyamata amene akukanganiridwa ndi ocepa kwambiri. Ofufuzawo anapezanso kuti atsikana okonda kwambiri zinthu zimenezi, patapita caka, anali kutsatira kwambiri maganizo akuti pali masewera ndi nchito zimene mtsikana sayenera kukhudza.

FUNSO LIMENE LIRI KUIWALIKA

Apa ndipo pali funso lalikulu limene phokoso la diresi la mnyamata labisa. Kwa zaka zambiri atsikana zikwizikwi a zaka 3 akhala akupakidwa zodzoladzola ndi kuuzidwa pa galasi kuti tsopano akongola, atalipira madola ambiri, ndipo anyamata akhala akupatsidwa lupanga ngati cizindikiro ca umuna. Ocepa okha ndiwo anadandaula. Mtsikana waphunzira kuti ulemerero umagulidwa m'sitolo, mnyamata waphunzira kuti mwamuna amadziwika ndi cida. Akuluakulu akale anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Nkhaniyi siiri kutali ndi midzi ya muno monga momwe ingaonekere. Mafilimu omwewo amaonedwa pa wailesi yakanema ndi pa mafoni, ndipo nkhope ya Elsa imapezeka pa zikwama za kusukulu ndi pa madiresi a ana m'misika ya m'matauni. Mwana wa kumudzi amene sadzapondapo ku Florida angathe kulirira diresi lomwelo, ndipo mlongo wake wamng'ono angathe kuliyesa m'thupi pamene akulu ali kumunda.

Kampani idzapitiriza kutsata kumene kuli ndalama, ndipo a ndale adzapitiriza kutsata kumene kuli mavoti. Onsewa asonyeza kale kuti amatha kusintha mau nyengo ikasintha. Otsala ndi mwana dzuwa likalowa ndi makolo ake, agogo ake ndi amalume ake. Iwo ndiwo ayenera kusiyanitsa masewera a tsiku limodzi ndi khalidwe la moyo wonse, osamnyoza mwana pamaso pa anzake cifukwa ca nsalu imene wadzikulunga, ndiponso osalola kuti sitolo ndiyo imuuze mtengo wake. Ulemu, kugwira nchito molimbika ndi cifundo kwa anzake ndizo zobvala zimene mwana wamwamuna ndi wamkazi yemwe ayenera kubvekedwa akali wamng'ono, ndipo zimenezi sizigulidwa ndi madola.