Mlandu wa Njinga ya Magiya

Masiku ano m'boma lathu lino la Chadiza mwabuka mtima wopeputsa njinga yakuda ija ya makolo athu, yopanda magiya, ndi kutamanda njinga ya magiya imene Azungu aicha mountain bike, ndiko kunena njinga ya m'mapiri. Mnyamata akagulitsa soya wace safunanso kumva za njinga ya kaliyala. Ati imeneyo nja nkhalamba. Kholo lofuna kukondweretsa mwana wopita ku sekondale limgulira ya magiya 21. Ngakhale m'maofesi, m'mene muli anthu ophunzira, polemba mapepala ogulira njinga za alangizi a zaulimi ndi za anchito a zaumoyo, mumveka mau akuti tigule zamakono. Ine ndikana. Ndinena poyera kuti pa nchito zimene njinga igwira kuno kwathu, munthu wogula ya magiya ataya ndalama zace, ndipo ofesi yogulira anchito ace njinga zotere itaya ndalama za anthu ena, cimene ciri coipa koposa.

Poyamba timvetsetse cimene magiya acita, pakuti ambiri owatamanda sacidziwa. Magiya saonjezera munthu mphamvu. Njinga iri ndi mano kutsogolo, pamene pali zopondera, ndi mano ena kumbuyo pa gudumu, ndipo unyolo, umene okonza njinga aucha cheni, ndiwo ulumikiza ziwirizi. Pa njinga yakuda mano a kutsogolo kawirikawiri akhala 44, a kumbuyo 18 kapena 20. Tiyese ali 20. Mwendo ukazungulira kamodzi, gudumu lizungulira kawiri ndi pang'ono, ndipo popeza gudumu la mainchi 28 liri lalikulu, njinga ipita mamita ngati 5. Pa njinga ya m'mapiri munthu akhoza kusamutsira unyolo pa mano 28 kutsogolo ndi 28 kumbuyo; pamenepo mwendo ukazungulira kamodzi gudumu lizungulira kamodzinso, ndipo njinga ipita mamita awiri okha. Kupalasa kupepuka, inde, koma citunda cimene mnzace acitsiriza ndi kupalasa ka 100, iye acitsiriza ndi kupalasa koposa ka 200. Afanana ndi mai wogawa mtolo wa nkhuni pawiri napita kuchire kawiri. Nkhunizo sizinacepe ai.

Tsono sindibisa kuti kugawa mtolo kuli ndi phindu lace. Amene anayendako ca ku Vubwi, kumene kunali mbali ya boma lathu kufikira caka ca 2012, adziwa zitunda za kumeneko, ndipo adziwa kuti wa njinga yopanda magiya atsika nakankha pamene wa magiya akwera ali khale pa cishalo. Mtsikana wa zaka 13, mai woyamwitsa, ndi mdala wa maondo olira amva kulemera kwa njinga yakuda koposa ife amuna a mphamvu, ndipo mphepo ya mwezi wa July ikakhala kumaso, aliyense akhumba kupepukidwa. Izi nzoona, ndipo wozikana sanapalaseko njinga.

Koma funso liri apa, abale anga: kodi njinga kuno kwathu igwira nchito yanji? Inyamula matumba a cimanga a makilogalamu 50 kupita kumene a Food Reserve Agency agula. Ibweretsa feteleza. Inyamula makala, zigubu za madzi, mbuzi, ngakhale nkhumba yomangidwa pa thabwa iri kulira njira yonse. Ipita ndi malonda ku Chanida pa malire a Mozambique, ndipo mwezi wa August ipereka mwamuna ndi mkazi wace ku Mkaika kukaona Kulamba. Koposa zonse, usiku mwana akakomoka ndi malungo, kapena mai wapakati nthawi yace ikafika, m'midzi yambiri ya mfumu Mlolo, mfumu Zingalume ndi mfumu Mwangala njinga ndiyo iyamba kuganiziridwa. Njinga ya kuno ndi bulu, ndi ngolo, ndi ambulansi.

Nanga njinga ya m'mapiri inabadwira nchito yotani? Inayambira ku Marin County, m'dziko la California ku America, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata anali kutsetsereka m'mapiri pa njinga zakale mocita kupikisana, ndipo m'caka ca 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa yace yochedwa Stumpjumper. Anthuwo sanalakwe. Anapanga cinthu ca masewera, conyamula munthu mmodzi wokhuta, wopanda katundu, wobwerera madzulo ku nyumba imene iri pafupi ndi sitolo ya zipangizo. Colakwa ncathu ife, potenga cinthu ca masewera ndi kucimanga m'goli.

Taonani gudumu lace la kumbuyo. Kuti mano 7 kapena 8 apeze malo, opanga akankhira pakati pa gudumu ku mbali imodzi, kotero kuti masipoko a kudzanja lamanja aima cowongoka ndi kumangika kolimba, pamene a kumanzere akhala opendeka ndi olekerera. Gudumu lotere silikonda katundu. Ikanipo matumba awiri, gundani dzenje limodzi, mudzamva masipoko alikuduka ngati zingwe za banjo. Gudumu la njinga yakuda liri ndi masipoko ofanana mbali zonse ziwiri, ndipo pa njinga zakale za ku England anali kuika masipoko 40 kumbuyo ndi 32 kutsogolo, podziwa kumene kulemera kugwera. Taonaninso kacitsulo kolendewera pansi pa manowo, kamene kasamutsa unyolo. Kali pafupi ndi nthaka, pamene pali zitsa, udzu ndi miyala. Njinga ikangogwa kamodzi ca kumanja, ngakhale pakuitsamira pa nkhokwe, kacitsuloko kapindika, ndipo tsiku lina kalowa m'masipoko ndi kuononga gudumu lonse pamodzi.

Unyolo wace nawo ngwocepa m'mimba kuposa wa njinga yakuda, pakuti uyenera kulowa pakati pa mano othinana, ndipo uyenda copingasa, wopanda cobisalira. Fumbi la mwezi wa October likasakanizana ndi mafuta lisanduka ngati mcenga wotsukira mphika, lidya unyolo ndi mano usana ndi usiku. Matope a mwezi wa January atsiriza zotsala, nadyetsa dzimbiri mawaya a magiya. Ndipo unyolo ukatha suthera wokha. Mukagula watsopano udumpha pa mano akale, cotero mugula zonse pamodzi.

Apa ndipo pagona mlandu weniweni. Njinga yakuda ikafa, wokonza wa pansi pa mtengo wa mango aidzutsa ndi sipanala, nyundo ndi msomali, ndipo zipangizo zace zipezeka m'masitolo ang'ono pamodzi ndi sopo ndi mcere, cifukwa ca Phoenix kawirikawiri cilowa pa Hero, ca Hero cilowa pa Eagle ija imene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga ku Chipata m'zaka za m'ma 1980. Koma njinga za magiya zifika kuno zosiyana mitundu ndi zaka, zambiri zitagwira kale nchito kunja monga zobvala za salaula. Iyi iri ndi mano 6 kumbuyo, iyo 7, inayo 9, ndipo cosinthira ca ina sicimvana ndi mano a inzace. Mwini wace ayenera kukwera galimoto kupita ku Chipata, ulendo woposa makilomita 70, kukafuna kacitsulo kamene mwina sakakapeza, ndipo mtengo wa ulendo uposa wa kacitsuloko. Mapeto ace muwadziwa nonse. Wokonza acotsa kacitsulo kolendewerako, adula unyolo, aukoleka pa mano amodzi, nauza mwini kuti pitani. Imani pa msika tsiku lina muyang'ane njinga za m'mapiri zimene zaona mvula ziwiri, muone ngati ziri zambiri zimene magiya ace asintha. Munthu analipira magiya 21 kuti akhale ndi njinga yopanda magiya, ya gudumu lofooka, yopanda ponyamulira. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ine nchito yanga nja ukalaliki, ndipo buku la katundu ndilidziwa. Pa ofesi ina imene ndinagwirako nchito panafika njinga za magiya zopatsa anthu oyenda m'midzi. Tsiku lozigawa linali la cimwemwe; panajambulidwa zithunzi, panalankhulidwa mau okoma. Isanathe miyezi yambiri zinayamba kubwerera imodzi imodzi, ina pa mutu, ina pa ngolo, ndipo tinaziunjika m'cipinda ca katundu kudikira zipangizo zimene panalibe ndalama zogulira, popeza wolemba bajeti anawerengera kugula kokha. M'buku zinalembedwabe kuti ziripo, pakuti zinalipodi. Koma anthu aja anabwerera ku miyendo yao, ndipo midzi yakutali inayamba kucezeredwa mwa kamodzikamodzi. Amene anasankha njingazo sanayende pansi ndi tsiku limodzi lomwe. Iye anali ndi galimoto.

Wina adzati, kalaliki uyu ngwotsalira, aopa zatsopano. Cabwino, tifunse eni ace a magiya. Kampani ya SRAM ya ku Chicago iri pakati pa opanga magiya ochuka pa dziko lonse lapansi. Mmodzi wa oiyambitsa, F.K. Day, pamodzi ndi Leah Missbach Day, anayambitsa bungwe la World Bicycle Relief m'caka ca 2005, ndipo posacedwa linafika kuno ku Zambia kudzapereka njinga kwa osamalira odwala m'midzi. Anthu amenewa akadafuna kutipatsa magiya, akadangotapa m'nkhokwe mwao. Koma ataona miseu yathu ndi akatundu athu anapanga Buffalo, njinga yolemera makilogalamu oposa 20, yacitsulo, yopanda magiya, yonyamula makilogalamu 100 kumbuyo, ndiwo matumba awiri enieni a cimanga. Ndipo pamene anafuna kuthandiza anthu a ku zitunda, sanabwerere ku kacitsulo kolendewera kaja ai. M'caka ca 2024 anaturutsa Buffalo S2, ya maliwiro awiri okha ndi maunyolo awiri, imene munthu aisintha pobweza zopondera m'mbuyo pang'ono, popanda waya wa magiya, ndipo unyolo umodzi ukaduka winawo umfikitsa kwao. Sindiwalembera malonda, ndingoti anafunsa funso loyenera.

Ngakhale kwao komweko magiya ambiri atsika ulemu. M'caka ca 2012 a SRAM omwewo anayamba kugulitsa magiya a njinga za m'mapiri okhala ndi mano amodzi okha kutsogolo, ndipo lero njinga zabwino za mtunduwo zambiri ziri zotero. Zija za mano atatu kutsogolo, zimene anyamata athu anyadira, ndizo zimene eni ace anazisiya. Alipo ngakhale Azungu olemera amene akwera mapiri dala pa njinga zopanda magiya, nakhala ndi mpikisano wao, umene m'caka ca 2012 unacitikira ku South Africa. Ndipo pa mpikisano waukuru wa Tour de France, umene unayamba m'caka ca 1903, kacitsulo kosamutsa unyolo kanaloledwa kwa akatswiri onse m'caka ca 1937. Kufikira pamenepo amuna anali kukwera mapiri a Alps popanda iko. Za cikale ndi za makono tisamanamizane nazo. Magiya obisika m'kati mwa gudumu a Sturmey-Archer anayamba m'caka ca 1902, mishoni ya Nsadzu isanamangidwe m'caka ca 1908.

Nanga wa ku zitunda acite ciani? Mankhwala alipo, ndipo ngochipa. Apite kwa wokonza amcotsere mano 18 a kumbuyo ndi kuikapo 22, aonjezere mfundo pang'ono pa unyolo. Njinga idzapepuka pa citunda ndi pa katundu. Pa cigwa idzacedwa pang'ono, koma wonyamula matumba awiri athamangira kuti? Citunda cikakula atsike akankhe, pakuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ndipo kukankha njinga sikunaphe munthu. Ena atamanda njinga ya m'mapiri kuti siimira mu mcenga. Zoona, koma ulemu umenewo ngwa matayala ace onenepa, si wa magiya, ndipo matayala onenepa apezeka pa njinga zopanda magiya zomwe.

Ndisamveke ngati nditi njinga iriyonse yakuda njabwino. M'masitolo muli zina zopakidwa utoto wonyezimira, za citsulo cofewa ngati ca citini, zimene zipindika mwezi woyamba, ndipo zimenezo ndizo zanyozetsa mtundu wonse. Ndiponso mphunzitsi kapena kalaliki mnzanga wofuna kuongola miyendo pa Ciweru, wokhala ndi ndalama zace ndi m'bale ku Lusaka womtumizira zipangizo, agule ya magiya, asangalale. Sindiri naye mlandu. Mlandu wanga uli ndi iwo ogulira anzao: kholo logulira mwana amene ayenda makilomita 10 kupita ku sukulu, ndi mkulu wa ofesi wosaina pepala la njinga 50.

Kwa oterewa ndipempha cinthu cimodzi cosabvuta. Musanasaine, tumani munthu ndi njinga imodzi ya citsanzo kwa wokonza wa pa msika, osati kwa wogulitsa. Aikepo matumba awiri a cimanga, ayende nayo pa mseu wa fumbi, aigwetse kamodzi ca kumanja, kenaka wokonzayo anene ngati angathe kuidzutsa ndi zida zimene ali nazo m'bokosi mwace. Wogulitsa naye achule dzina la sitolo ya pa Chadiza pano pamene papezeka unyolo, mano ndi masipoko a njingayo, ndi mitengo yace, kuti ndalama zokonzera zilembedwe pa pepala lomwelo. Akalephera kuchula sitolo, pepalalo libwerere losasainidwa.