Mwezi ukamatha, aliyense amawerengera za ife kupatula eni akefe

Sabata yotsiriza ya mwezi ku Dambwa, m'tauni ino ya Livingstone, ndi sabata ya masamu, koma ochita masamuwo ndi anthu ena. Mwininyumba ku Dambwa Site and Service akudziwa kale tsiku lomwe adzagogode pakhomo. Wa kaloba watsegula kabuku kake, chiwongoladzanja wawerengera mpaka ngwee yomaliza. Mayi wosunga ndalama za chilimba akudziwa yemwe waponya ndi yemwe wayamba kuzemba foni. Ku Lusaka, bungwe la ERB, lomwe kuyambira mu 2022 limaunikanso mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, likukonza chilengezo chomwe woyendetsa takisi aliyense wa ku Livingstone adzachimvere m'thumba. A ZamStats akutulutsa chiwerengero cha momwe mitengo yakwerera, ndipo a JCTR, bungwe la ansembe achijezuiti, ayenda m'misika ya matauni angapo, kuphatikizapo ino, kufunsa mtengo wa ufa, kapenta, makala ndi sopo kuti aone ndalama zomwe banja la anthu asanu likufunika kuti lituluke m'mwezi. Onsewa ali ndi tsiku lawo, ali ndi buku lawo, ndipo saphonya. Wotsala wopanda tsiku ndi buku ndi mwini moyo womwe ukuwerengedwawo. Maganizo anga ndi akuti naye akufunika ola limodzi pamwezi, lokhazikika, loti akhale pansi ndi cholembera n'kudzifunsa komwe ndalama, nthawi ndi mphamvu zake zapita, ndi komwe akufuna zipite mwezi ukubwerawo.

Ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti ndayamba kudzudzula ulesi kapena kusadziletsa. Ayi, chimene chimatigwetsa kawirikawiri ndi kuiwala, ndipo umboni wake ndi wa m'dziko lomwe lino. Zaka zingapo zapitazo akatswiri a zachuma, pakati pawo Felix Masiye wa ku University of Zambia, Kelsey Jack ndi Supreet Kaur, anachita kafukufuku pakati pa alimi a chimanga a m'chigawo cha Kum'mawa. Alimiwa amakolola kamodzi pachaka, ndipo chaka ndi chaka ambiri nkhokwe zimawathera zokolola zina zisanache. Ofufuzawo sanawapatse ndalama kapena feteleza. Anangokhala nawo pansi atangokolola ndi kuwapempha kuti atchule, gulu ndi gulu, zonse zomwe zidzafune chimanga kapena ndalama m'miyezi ya kutsogolo: za kusukulu, za kumunda, sopo ndi mchere, matenda, zothandiza achibale. Atatero, alimiwo anakumbukira zofunika zambiri zomwe poyamba sanaziike m'masamu awo, anagwira dzanja m'masabata otsatira, ndipo analowa m'nyengo ya njala ali ndi chosunga choposa cha anzawo omwe sanafunsidwe, chokwanira pafupifupi mwezi wina wathunthu. Awa ndi anthu omwe alima moyo wawo wonse, odziwa kuwawa kwa Januwale ndi Febuluwale kuposa wofufuza aliyense. Zonse anali nazo kale m'mutu. Chomwe chinkasowa ndi mpata wozitulutsa nthawi idakalipo. Ngati mlimi angaiwale zina mwa zomwe zimamufinya chaka chilichonse, nanga wogwira ntchito pa loji wa ku Dambwa North, amene foni yake imalira tsiku lonse ndi mauthenga omuitanira ku ngongole zachangu ndi kubetcha mpira, adzakumbukira bwanji mu Okutobala za yunifolomu ya mu Januwale?

Wina angafunse kuti bwanji mwezi, osati tsiku kapena chaka. Kudzifunsa madzulo aliwonse ndi mwambo wakale komanso wabwino. Seneca wa ku Roma ankauchita, ndipo Ignatius wa ku Loyola, woyambitsa chipani cha Ajezuiti, anauphunzitsa otsatira ake m'zaka za m'ma 1500. Koma tsiku limodzi limaonetsa cholakwa, chizolowezi limachibisa. K20 yomwe yapita ku kubetcha lero ndi yosavuta kudzikhululukira. Masiku 30 akaikidwa pamodzi ndi K600, ndipo pamenepo nthabwala zimatha. Chaka nacho ndi chachitali mopitirira. Malonjezo a m'tchalitchi usiku wa pa 31 Disembala amanenedwa ndi mtima wonse, koma alibe tsiku lobwerera kukawaona, ndipo pofika Isitala mwini wake sakumbukira n'komwe kuti anali angati. Mwezi ndi wautali mokwanira kuti chizolowezi chioneke, ndi waufupi mokwanira kuti chikonzedwe chisanasanduke ngongole. Ndiwonso muyeso womwe lendi, malipiro ndi bilu ya madzi zimayendera kale.

Livingstone ali ndi chifukwa chinanso chake. Tauni ino imadya za alendo, ndipo alendo ali ndi nyengo yawo. Madzi pa Mosi-oa-Tunya amasefukira cha mu Malichi ndi Epulo, n'kuchepa kwambiri mu Okutobala ndi Novembala mpaka mbali yaikulu ya ku Zambia kutsala miyala. Alendo ochuluka amabwera m'miyezi yopanda mvula, kuyambira cha mu Juni. Mvula ikakhazikika zipinda za m'maloji zimakhala zopanda anthu, aganyu amauzidwa kuti adikire kunyumba, wogulitsa ziboliboli amatha tsiku osaona kasitomala. Kalendala ya sukulu siyendera zimenezo. Matemu amatsegulidwa mu Januwale, Meyi ndi Sepitembala, ndipo yolemera kwambiri ndi ya Januwale, pomwe matumba ali opepuka. Boma linachotsa fizi m'sukulu zake mu 2022, koma nsapato, yunifolomu, makope ndi thiransipoti zidakali pamutu pa kholo. Choncho munthu wa m'tauni ino, ngakhale sanagwirepo khasu, ali ndi nthawi yokolola ndi nthawi ya njala monga mlimi wa ku Chipata, kusiyana kwake n'kwakuti mlimi nkhokwe ikamatsika amaiona ndi maso, pomwe ndalama za pa Airtel Money kapena MTN MoMo zimatha osamva phokoso. Pa ola lija, wa ku Dambwa ayenera kudzifunsa funso lomwe wa malipiro okhazikika a boma angathe kulilumpha: mwezi uno ndi wotani m'chaka changa, ndipo ukuyenera kudyetsa miyezi ingati?

Kachitidwe kake sikafuna sukulu, koma pali ziwiri zomwe ndimaumirira. Ola lija lichitike ndalama zikangolowa, zisanayambe kutuluka. Masiku omaliza a mwezi, pomwe ufa ukugulidwa wa pamela, mutu umakhala pa nsima ya mawa basi. Masiku atatu malipiro atafika, palibenso chotsala choti n'kukonzera. Alimi aja anafunsidwa chimanga chidakali m'nkhokwe. Chinacho n'chakuti zilembedwe, ngakhale pa masamba otsala a kope la mwana. Mutu pawokha umakonza nkhani kuti ikomere mwini wake, koma zomwe unalemba mwezi watha sizikuopa. Mauthenga a pafoni amathandiza, chifukwa ngwee iliyonse yotumizidwa inasiya tsiku ndi dzina. Mafunso asathere pa ndalama. Masiku Oweruka anayi aja anapita kuti? Tsiku la ku kiliniki lokatenga mankhwala linasungidwa? Mwana amene aphunzitsi anamudandaula temu yatha, alipo amene watsegula makope ake? M'bale uja munasemphana naye pamaliro, mwezi wachingati uno osalankhulana? Pomaliza munthu asankhe chinthu chimodzi chokha choti asinthe. Olemba zisanu ndi ziwiri nthawi zambiri amabwerera mwezi wamawa opanda ngakhale chimodzi, kenako kope limasanduka loyatsira mbaula.

Otsutsa maganizo amenewa alipo. Woyamba ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindiipeputsa. Iye akuti kuwerengera sikuchulukitsa ndalama. Livingstone anali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo pambuyo pa ufulu anali tauni ya mafakitale, yolumikiza magalimoto a Fiat, yopanga mawailesi a ITT Supersonic, yoluka nsalu ndi mabulangete. Zambiri mwa izi zinagwa cha m'ma 1990, ntchito zake osabwereranso. Mu 2020 COVID-19 inaimitsa maulendo, tauni yodalira alendo n'kukhala chete. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi yogwera dziko, ndipo kuchepa kwa madzi ku Kariba kunasiya ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa za mufiriji opanda magetsi maola ambiri patsiku. Chaka chomwecho dengu la JCTR la zofunika pa banja la anthu asanu ku Lusaka linapitirira K10,000 pamwezi. Palibe kope lomwe likanaletsa chimodzi mwa zimenezi, ndipo bwana kapena wandale amene angagwiritse ntchito nkhani ya kudziunika pofuna kutseka pakamwa anthu olipidwa zochepa ndi wachinyengo. Komabe mfundoyi ukaitsata mpaka kumapeto imabwerera kumbali yanga. Wopeza bwino akaiwala bilu amalipira chindapusa n'kupitiriza ulendo. Wosauka akaiwala amapita kwa wa kaloba, ndipo mwezi wotsatira umayamba uli ndi dzenje kale. Kafukufuku wa Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi anzawo, wofalitsidwa mu 2013, anapeza kuti alimi a nzimbe a ku Tamil Nadu ku India ankakhoza bwino mayeso a kaganizidwe atakolola kuposa asanakolole, anthu omwewo. Kusowa kumadya maganizo, ndiye wosowa ndi amene akufunika kwambiri tsiku loikika loganizira za kutali, chifukwa palokha silidzabwera. Ndiponso banja lokhala ndi zolemba za miyezi khumi ndi iwiri likapita kukadandaula kwa abwana, kwa khansala kapena ku bungwe la apantchito, limalankhula ndi manambala, osati kungoti zinthu zadula.

Wachiwiri akuti ku Dambwa ambiri salandira pamwezi. N'zoona: mayi wa tomato pa msika wa Dambwa Central, mnyamata wa salaula, dalaivala amene amapereka ndalama kwa mwini galimoto madzulo aliwonse, onsewa amaona ndalama tsiku ndi tsiku. Koma lendi yawo ndi ya pamwezi ndithu, ndipo ngozi yawo yaikulu, kudya mpamba, ndi yamtundu uja wosaoneka m'tsiku limodzi. Ndalama ya ndiwo ndi ya kukapikula zimakhala m'chitenje chimodzi, malonda amaoneka ngati akuyenda, kufikira m'mawa wina pomwe zokapikulira sizikukwana. Kuwerenga katundu ndi ndalama kamodzi pamwezi, n'kuyerekeza ndi za mwezi watha, kumagwira kutsikako kudakali kochepa. Tsiku lake akhoza kulimangirira ku tsiku la chilimba.

Wachitatu amandisangalatsa kwambiri. Akuti uwu ndi mwambo wa anthu odzikonda, oti aliyense ndi kope lake, pomwe ife timati mutu umodzi susenza denga. Komanso maliro sapangana, matenda sagogoda, ndiye ungakonzere bwanji mwezi womwe foni imodzi yochokera kumudzi ingaugubuduze? Yankho lili m'kope lomwelo. Maliro a uje sadziwika tsiku, koma zoti chaka sichingathe popanda maliro, odwala ndi mwana wa mlongo wosowa nsapato zimadziwika bwino lomwe. Amene waona zimenezi zikubwerezabwereza m'zolemba zake amasiya kuzitcha zadzidzidzi n'kuzipatsa malo ake, ndipo foni ija ikalira amathandiza ndi zake, osati ndi za ngongole. Ndipo za kuwerengera pamodzi mwezi ndi mwezi si zachilendo kwa ife. Magulu a chilimba ndi mabanki a m'mudzi amachita zimenezi poyera, ndi buku, ndi chindapusa kwa wochedwa, ndipo amayi omwewo amene amati sangathe kusunga zolemba za pakhomo amasunga za gulu mosaphonya ngwee. Chodabwitsa n'chakuti mwambo womwe timaulemekeza pa ndalama za gulu timauona ngati wachizungu ukangolowa m'nyumba mwathu.

Pali chenjezo limodzi lomwe ndikuvomereza. Kwa munthu amene ali kale ndi nkhawa yaikulu kapena wagwa mphwayi ndi moyo, kukhala yekha ndi mndandanda wa zomwe zalephereka kungamulemetse koposa. Woteroyo asachite yekha. Akhale ndi mnzake wodalirika, mkulu wa mpingo kapena mlangizi wa ku kiliniki, ndipo ola likhale ola, lisasanduke usiku wonse.

Chovuta chenicheni, chomwe otsutsa atatu aja sanachitchule, chili m'chipinda chogona. M'mabanja ambiri mkazi sadziwa malipiro a mwamuna wake, ndipo mwamuna sadziwa zilimba zomwe mkazi wake alimo. Aliyense ali ndi zifukwa zake, zina zomveka: pali amayi amene amabisa ndalama chifukwa zikadziwika zikathera kumowa, pali abambo amene pepala lawo la malipiro ladzaza ndi ngongole zodulidwa ndalama zisanafike m'manja, ndipo manyazi sawalola kulionetsa. Ola la pamwezi la anthu awiri limafuna kuti mapepala onsewo afike patebulo, ndipo si banja lililonse lomwe lingayambire pamenepo bwinobwino. Lotere liyambe ndi zomwe onse awiri amazidziwa kale, lendi, magetsi, madzi, ufa ndi za ana, n'kugwirizana tsiku la mwezi wamawa. Ankhoswe ndi alangizi amene amaphunzitsa achinyamata za ukwati m'mipingo ya ku Dambwa angachite bwino kuika nkhaniyi pa maphunziro awo, asanakwatirane, pomwe aliyense adakali ndi zobisa zochepa.