Mankhwala opha udzu ochokera m'nyanja: tisawalandire m'chimbulimbuli

Mlimi aliyense amadziwa kuti mu Disembala ndi Januwale udzu sudikira munthu. Ukachedwa kupalira chimanga chimanyozoloka, ndipo aganyu amafunika pa nthawi yomwe nkhokwe zilibe kanthu. N'chifukwa chake ambiri a ife, makamaka ochita ulimi wa mtayakhasu, tikudalira mankhwala opha udzu monga Roundup. Koma mankhwalawa amachokera kunja, amakwera mtengo kwacha ikagwa, ndipo m'maiko ena muli udzu womwe sukufanso akaupopera.

Pofuna mankhwala atsopano, akatswiri a sayansi akufufuza m'nyanja zamchere. Ndere, nkhungu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'madzi timatulutsa poizoni wolepheretsa zomera zina kukula, polimbirana malo ndi dzuwa. Ofufuzawa akuyesa ngati poizoni ameneyu angaphenso udzu kumunda. Nyanja inathandizapo kale alimi. Ku Japan asodzi ankaona ntchentche zikufa zikatera pa nyongolotsi za nyambo, ndipo potengera poizoni wa nyongolotsizo anapanga cartap, mankhwala opha tizilombo mumpunga. Mu 2019 ofufuza a ku Tübingen ku Germany anapeza kuti tizilombo tina ta m'madzi opanda mchere timapanga mtundu wa shuga wopinimbiritsa zomera.

Ife tikuti kafukufukuyu apitirire, koma mawu oti "achilengedwe" asatigoneke tulo. Ombwe naye ndi wachilengedwe, koma tonse tikudziwa zomwe amachita nsomba mumtsinje. Chofota m'botolo la ku labotale si chimodzimodzi ndi chofota m'munda wa ku Mchinji mvula ili mkati.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Mankhwala otere asanagulitsidwe ayesedwe kaye ku Chitedze ndi ku Bvumbwe komanso m'minda ya alimi, ndipo bungwe la Pesticides Control Board litsimikize kuti saononga madzi, nsomba ndi njuchi. Malangizo alembedwe m'zilankhulo zathu, ndipo mankhwalawo apezeke m'timabotolo tomwe mlimi wa ekala imodzi angakwanitse. Chachitatu, ofufuza asaiwale kaufiti. Iye amayamwa mizu ya chimanga asanatuluke pansi, kotero mankhwala owotcha masamba amafika chimanga chitaonongeka kale.

Mankhwala atsopano amatenga zaka zambiri kuti afike kusitolo. Pakadali pano tisataye kasinthasintha wa chimanga ndi soya kapena mtedza, tiphimbire nthaka ndi mapesi, tithire manyowa, ndipo tizule kaufiti asanachite maluwa. Nkhaniyi tiikambirane m'makalabu mwathu, kuti ogulitsa akadzabwera adzatipeze tili ndi mafunso.