Khirisimasi ya mlimi imagulidwa mu Julaye

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu mpaka ku Johannesburg, lero ndiyankhula nkhani yoti ena mundikwiyira. Kwiyani, koma muwerenge mpaka kumapeto. Ndikudziwa mukuti bambo awa asokonezeka, msika wa fodya uli mkati pa Chinkhoma, kunja kukuzizira, iwo akukamba za Khirisimasi. Eya, nthawi yake yokamba ndi inoyi, ndalama zikadali m'thumba.

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Koma Khirisimasi yokha ng'oma imayimba. Tsiku lake ndi 25 Disembala chaka ndi chaka, silinasunthepo chibadwire ine. Nanga bwanji pa 23 ndi pa 24 timathamanga pa Kasungu boma ngati kwagwa zadzidzidzi? Minibasi yakwera mtengo, kabaza wakwera mtengo, m'sitolo mothinana, akuba akupisa m'matumba, mayi akukalipira bambo, bambo akukalipira ana. Chisangalalo chake chili pati pamenepo?

Tiyeni tiwerenge kalendala ya mlimi. Ndalama zathu zimabwera kamodzi. Fodya timagulitsa kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti. Soya ndi mtedza ndi nthawi yomweyonso. Ikafika Disembala mlimi sagulitsa kanthu, amangotulutsa. Mvula yagwa, tikuwokera fodya, chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, udzu wamera, aganyu akufuna zawo, nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Khirisimasi ikangodutsa, Januwale uyu: makope, yunifolomu, sopo ndi thiransipoti ya ana a sukulu zogonera komweko. Chimanga nachonso chimadula kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, ngakhale mwana amadziwa. Ndiye mwezi umene tilibe ndalama, umene munda ukulira, ndi umene tausankha kuti tizigula nsapato ndi zitenje. Nzeru zimenezo?

Zotsatira zake timaziona chaka chilichonse. Wina amagulitsa thumba la feteleza kwa venda pamtengo wozizira kuti ana adye mpunga tsiku limodzi. Wina amagulitsa mbuzi yabere. Wina amakatenga katapila, K20,000 kuti abweze K30,000 kapena kuposa mwezi ukatha. Ikafika Febuluwale chimanga chake chachita chikasu, iye ali m'munda mwa mnzake kugwira ganyu yolandira mbale ya ufa, wake munda uli thengo. Mpunga wa tsiku limodzi wadya zokolola za chaka chonse. Kenako tizinena kuti boma, tizinena kuti mvula, tizinena kuti alipo watilodza.

Pali china. Kwacha yathu sisungika. Mu Meyi 2022 inagwa ndi maperesenti 25. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi maperesenti 44, kutangotsala milungu yochepa kuti Khirisimasi ifike. Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa kuti adzagule mu Disembala anapeza mitengo ya shuga, mafuta ndi sopo yathawa. Amene anagula mu Julaye chaka chimenecho ankangomva pa wailesi. Chitenje chili m'bokosi sichigwa mphamvu, ndalama ndi imene imagwa.

Tsono chochita ndi ichi, ndipo sichifuna sukulu yambiri. Ndalama ya mabelo ikalowa, musanapite kulikonse, khalani pansi bambo ndi mayi. Ng'ambani pepala la m'kope. Poyamba lembani za kumunda: mbewu, feteleza, ganyu. Kachiwiri chimanga chokwana kufika Epulo. Kachitatu sukulu. Yotsalayo ndiye mutapepo ya Khirisimasi, ndipo mulembe mayina: ana, agogo, apongozi, mwana wamasiye amene mukusunga. Dzina lililonse chinthu chimodzi ndi mtengo wake. Pepala likati yatha, yatha basi. Amene sanalembedwe alandira moni.

Kenako gulani zosawola nthawi yomweyo. Chitenje cha mayi ndi cha apongozi. Zovala za ana pa kaunjika, masiku ano mungathe kusankha modekha ndi kunenerera mtengo, pomwe pa 24 Disembala wogulitsa sakuyang'anani n'komwe. Mpunga gulani pano pamene a ku Nkhotakota angokolola kumene. Shuga, mchere, mafuta ophikira, ikani mu ndowa yotseka, kiyi ya bokosi asunge mayi. Nkhuku musadzagule. Fungatitsani thadzi mwezi uno, anapiye adzakhala atakula. Kungoti musaiwale katemera wa chitopa wodontheza m'maso uja, chifukwa kukayamba kutentha mu Seputembala ndi Okutobala chitopa chimasesa khola lonse.

Wina ati, ana amakula, nsapato ya mu Julaye idzachepa. Gulani yokulirapo, mwana sachepa. Wina ati, shuga akakhala m'nyumba ana amaliza. Ngati simungateteze mapaketi awiri a shuga, ndalama yake mukanaiteteza bwanji miyezi isanu? Winanso ati, ife tili pa kontrakiti, kampani ikadula ngongole yake sipatsala kanthu. Izi ndi zoona kwa ambiri, sindikutsutsa. Koma amene watsala ndi zochepa ndi amene akufunika pepala kuposa aliyense. Ngati mu Julaye sipanatsale ya chitenje, mu Disembala idzachokera kuti, kupatula kwa katapila? Bola kudziwiratu lero, n'kuuza ana zoona, kuti chaka chino ndi nkhuku ndi nsima basi.

Azibambo anzanga, tisanamizane. Ambiri chimene chimatilepheretsa kugula mu Julaye si mitengo ayi. Ndalama ikangolowa, wina amasowa sabata yathunthu pa Chinkhoma, pa Santhe kapena pa Nkhamenya, kugulira mowa anthu osawadziwa n'komwe. Mayi amene anathirira nazale, anasoka fodya mpaka zala kuda, alibe n'chitenje chimodzi chomwe. Ikafika Disembala bambo yemweyo ayamba kulusa kuti akazi amakonda zinthu. Manyazi bwanji.

Amayi a banki mkhonde, inunso ndikupemphani. Magulu ambiri mumagawana mu Disembala. Ndalama mwaisonkha movutika chaka chonse, isathere pa mapoto onyezimira ndi zakumwa. Imeneyo yafika nthawi yabwino yogulira feteleza wachiwiri ndi makope.

Tsopano inu a kutauni, achimwene, achemwali, alamu, ana athu. Timakuthokozani, mumatikumbukira. Koma foni ya pa 23 Disembala yofunsa kuti "kumeneko mukufuna chiyani" imatipatsa ntchito. Mukatumiza pa 24, timayenda mtunda wautali n'kukapeza ejenti ndalama zamuthera, mzere mpaka kumsewu. Funsani mu Okutobala. Tumizani malipiro a Okutobala akangotuluka, mvula isanagwe. Ngati muli anayi m'banja, gwirizanani pa WhatsApp, musabwere nonse ndi buledi ndi Sobo pamene amayi anu alibe feteleza ngakhale wa m'mbale. Thumba limodzi losonkherana lidzawadyetsa mpaka chaka chamawa, ndipo ndi lomwelo limabala ufa ndi chimanga chimene mumanyamula pobwerera.

Chinanso, musatibweretsere mpikisano. Mwana wanu akafika ndi nsapato zowala magetsi, wa mnzanu woyandikana naye amalira usiku wonse, m'mawa bambo ake ali pakhomo pa katapila. Ngati mwagula maswiti, gulani oti ana onse a pabwalo alawe.

Sindikuti tisasangalale. Inenso mpunga wa nkhuku ndimaukonda, ndipo mwana akavala chatsopano popita kutchalitchi mtima umakoma. Chimene ndikukana ndi chisangalalo cha ngongole, choti pa 25 ukuvina, pa 26 ukubisala kuseri kwa chigafa mwini ndalama akamadutsa.

Ndiye amene mabelo anu agulidwa sabata ino, pezani pepala lero, mowa usanakuoneni. Amene muli kutauni, muwawerengere makolo anu uthengawu pa foni. Amene mukutsutsa, lembani m'munsimu, koma mutiuzenso kuti chaka chatha feteleza wanu wobereketsa munathira tsiku liti.